Kutchena Koyenda ndi Ulemu pa Khirisimasi

 

Disembala uja wafika, ndipo amene wadutsa mumsika sabata ino wadzionera yekha. Makina a atelala akulira mpaka usiku, anyamata a kaunjika akuitanira malonda mpaka mawu kusasa, ku saluni amayi andandalika pabenchi kudikira kuluka tsitsi. Aliyense akufuna kuti pa 25 Disembala adzaoneke bwino. Zimenezi n'zabwino ndithu. Munthu amene wakhetsa thukuta chaka chonse ayenera kusamba, kutchena, n'kusangalala pamodzi ndi abale ake.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Pa Khirisimasi timavalira anthu amene tikukakumana nawo: agogo amene tikukawaona kumudzi, mpingo umene tikukapemphera nawo, apongozi, anansi ndi ana amene akutiyang'ana. Chovala chimene chikuchititsa mnzako manyazi, kapena chimene wavala n'cholinga choti iye adzione wochepa, sichinakukhale ngakhale chikhale chodula motani. N'chifukwa chake zovala ndi makhalidwe tizikamba pamodzi, pakuti zonsezi gwero lake ndi kuganizira mnzako.

Tiyambire m'thumba. Mwezi uno magulu ambiri a banki mkhonde akugawana ndalama zimene akhala akusonkha chaka chonse, ndipo ena alandira bonasi kuntchito. Ndalama ikabwera nthawi imodzi mtima umathamanga. Koma tisaiwale kuti Khirisimasi ya kuno kwathu imagwa pakati pa dzinja. Chimanga chili m'munda kudikira feteleza, udzu ukufuna khasu, m'nkhokwe zambiri pansi payamba kuoneka, ndipo Januwale akangolowa sukulu zitsegulidwa, ana afuna fizi, makope ndi yunifolomu. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa nsalu, ulusi, nsapato ndi belo la kaunjika unakwera kwambiri, ndipo aliyense wogula akuchidziwa chimenechi. Choncho patulani kaye za feteleza, za fizi ndi za lendi. Zotsalazo ndiye za zovala. Chonde musapite kwa wakatapila chifukwa cha diresi kapena suti. Tsikulo litha dzuwa likalowa, koma ngongole ikhala nanu mpaka nthawi yokolola.

Musanapite kumsika, tsegulani kaye sutikesi. Muli diresi limene munavala kamodzi pa ukwati wa achemwali anu, muli shati yabwino imene inangothothoka batani, muli siketi yongofuna kupinda m'munsi. Batani latsopano, zipi yatsopano, duku latsopano pa diresi lakale, zimasintha maonekedwe onse pa mtengo wochepa. Chovala chakale chochapidwa bwino n'kusitidwa chimaposa chatsopano chokwinyika.

Tsopano tipite kwa telala. Mumupeza pakhonde la sitolo, tepi ili pakhosi, choko kuseri kwa khutu, phazi likupondaponda makina osapuma. Kumbuyo kwake kuli mulu wa nsalu, iliyonse yomangidwa ndi kansanza, mkati mwake muli kapepala ka dzina ndi miyezo. Mulu umenewo sangaumalize munthu mmodzi m'masiku asanu, ndipo apa ndi pamene pamabadwira mawu aja oti "mubwere mawa". Chaka chilichonse pa 24 Disembala madzulo pamakhala mikangano pamakonde amenewa, mayi akulira, telala wabisala. Vutoli lili mbali ziwiri. Inu osoketsa, zengerezu adalinda kwawukwawu. Pititsani nsalu kudakali nthawi, gwirizanani mtengo ndi tsiku, perekani theka la ndalama, ndipo mupite kukayesa chovalacho masiku angapo lisanafike tsikulo kuti pothina pamasulidwe, potaya pabwezedwe. Ndipo inu atelala, dzina lanu ndilo chuma chanu. Mukaona kuti manja adzaza, kanani mwaulemu. Kasitomala amene mwamuuza zoona adzabweranso mu Febuluwale, koma amene mwamugoneka ndi misozi usiku wa Khirisimasi adzauza mudzi wonse.

Za nsaluyo, amayi ambiri akudziwa kale kuti pisi ya mayadi 6 imakwana diresi, duku ndi kotsala kofunda paphewa kapena komanga m'chiuno. Chimene ambiri amaiwala ndi kuichapa isanadulidwe. Nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndiye mukasoketsa isanachapidwe, diresi limene linakukhalani pa Khirisimasi lidzakana kulowa pa Chaka Chatsopano. Ichapeni payokha m'madzi ozizira kuti muone ngati ikusuluka, muiyanike chotembenuza, muisite, kenako ipite kwa telala. Ngati maluwa ake ndi akuluakulu, mupempheni kuti adule mosamala kuti duwa lisaduke pakati pa chifuwa, ndipo mbali ziwiri zikumane bwino pamsoko. Posankha sitayilo, musangotengera chithunzi chimene mwaona pa Facebook. Yang'anani thupi lanu, msinkhu wanu ndi kumene mukukavala. Funso labwino ndi ili: kodi chovalachi ndidzachivalanso pa chinkhoswe, pa ukwati kapena ku tchalitchi Lamulungu wamba? Ngati yankho ndi inde, ndalama yanu yagwira ntchito.

Masiku ano mabanja ambiri akusoketsa nsalu imodzi, bambo shati, mayi diresi, ana nawonso chimodzimodzi. N'zokongola kuona banja likulowa m'tchalitchi chotero. Abambo amene amaopa maluwa ambiri angathe kusoketsa shati ya mtundu umodzi, chitenje n'kungoikidwa pakolala, pathumba ndi m'mphepete mwa manja. Chiyambire 2016, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi n'kulimbikitsa ogwira ntchito m'boma kuvala zosokedwa konkuno tsiku Lachisanu, shati ya chitenje inalowa m'maofesi ndipo palibenso amene amaiona ngati yachimidzi. Thonje timalima tokha ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, ndipo ndalama imene mwapatsa telala wa pamsika wanu ikagula ufa pakhomo la mnansi wanu. Koma pali nsalu imodzi imene ndikupempha kuti ipume pa tsikuli, ndiyo nsalu ya chipani. Pabanja limodzi pamakhala otsatira zipani zosiyana, ndipo tsiku lodyera m'mbale imodzi si loyenera kukumbutsana za mavoti.

Ambiri a ife tivala za pakaunjika, ndipo palibe chochititsa manyazi. Ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe, ku Mzuzu ndi m'misika ya pasabata m'maboma onse mumapezeka zovala zolimba kuposa zina za m'sitolo. Chofunika ndi diso lodekha. Lawirirani nthawi imene belo likutsegulidwa. Chovala mwachikondacho chikwezeni kudzuwa kuti muone ngati chili ndi tizibowo, chitembenuzeni muone misoko, yang'anani m'khwapa ndi pakolala pamene thukuta limasiya chizindikiro, kokani zipi kukwera ndi kutsika, werengani mabatani. Kumbukiraninso kuti zambiri mwa zovala zimenezi zimachokera kumayiko ozizira. Jekete lochindikala lija lingakhale lokongola, koma lisungireni Juni. Mukalivala pa Khirisimasi ku Nsanje kapena ku Karonga, mapemphero asanafike pakati mudzakhala mutanyowa ngati mwagwa mumtsinje.

Chilichonse mwagula pakaunjika chichapeni ndi sopo musanachivale, ndipo muchisite. Nkhani ya kusita nthawi ya mvula ino ndi ya umoyo ndithu. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena paudzu. Mukavala osasita, mphutsi imalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa, ndipo ana ndi amene amavutika kwambiri. Yanikani pachingwe, kenako simbi yotentha idutse mbali zonse ziwiri, ngakhale pa zovala zamkati ndi matewera a mwana. Ngati magetsi athima, simbi ya makala ilipo. Ipukuteni pansi pake, uzirani phulusa kutali ndi chovala, ndipo muyambe mwaiyesa pa kansanza. Zovala za nayiloni ziyalireni kansalu ka thonje pamwamba, apo ayi simbi inyamuka ndi chigamba. Ntchito imeneyi ichitike pa 23 kapena pa 24 masana, osadikira m'mawa wa tsikulo belu la tchalitchi likulira.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Disembala ndi wotentha m'mawa, masana mitambo n'kuda, mvula n'kukhuthuka. Nsalu ya thonje yopepuka imalola thupi kupuma, pamene poliyesitala amasunga thukuta. Inu achemwali okonda nsapato za gogoda, msewu wa kwanu mukuudziwa. Valani nsapato zafulati poyenda m'matope, gogodayo ikhale m'chikwama, mukasinthe pakhomo la tchalitchi. Ngati mukwera kabaza mutavala zoyera, dzikulungeni chitenje kuti matope a tayala asakulembeni kumsana. Chitenje chapadera ndi ambulera zisasowe m'chikwama cha mayi aliyense mwezi uno. Nsapato zatsopano, kaya za wamkulu kaya za mwana, zivalidwe pakhomo masiku angapo kuti zifewe, chifukwa matuza a kuchidendene awonongera anthu ambiri chisangalalo.

Abambo, kutchena kwanu sikulira zambiri. Shati yoyera bwino kolala, thalauza lofika pansapato osakwekwereza pansi, lamba wabwino, sokosi zosabooka, nsapato zopukutidwa, tsitsi ndi ndevu zometedwa bwino, zikhadabo zowengedwa. Mukatero mwamaliza. Ngati suti ndi taye zikukhalani ndipo kwanuko n'kozizira monga ku Dedza kapena ku Mzuzu, valani. Anyamata, pamaso pa agogo ndi apongozi thalauza likwere m'chiuno. Kukhwefula kusiyeni kwa anzanu a pabwalo la mpira. Ndipo tonse tikumbuke kuti perefyumu amabwera pambuyo pa madzi ndi sopo. Pang'ono pokha pakwana, pakuti m'tchalitchi modzaza ndi m'minibasi muli ena amene fungo lamphamvu limawadwalitsa mutu kapena kuwautsira mphumu.

Pa za tsitsi, lukitsani kudakali masiku kuti mutu uzolowere. Makamaka ana aakazi, musawakoke tsitsi mpaka khungu la pamphumi kutukuka tizilonda. Mwana amene mutu ukumuwawa sangasangalale, ndipo kuluka kothina kotere kumathothola tsitsi la m'mbali. Pa za khungu ndiyankhula mosabisa. Mwezi uno mafuta oyeretsa khungu amayenda malonda chifukwa ena akufuna kukafika kumudzi atawala. Ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala oopsa monga mercury ndi hydroquinone, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti mercury amawononga impso ndi mitsempha. Khungu limapyapyala, limachita mawanga akuda m'masaya ndi m'zala, ndipo kulibwezera n'kovuta. Khungu limene munabadwa nalo ndi lokongola. Lisambitseni, lidzozeni mafuta wamba, basi.



Malo alionse ali ndi chovala chake. Ku tchalitchi, kaya ndi Misa ya usiku wa pa 24 kaya mapemphero a m'mawa wa pa 25, mukaimirira, mukakhala, mukagwada, mwinanso mukavina popita kukapereka chopereka. Valani chimene chikuloleni kuchita zonsezi popanda kumangokoka siketi kapena kugwira pachifuwa. Yesani muli kunyumba: khalani pampando, weramani, kwezani manja. Chikakanika pamenepo, chikakanikanso kutchalitchi. Taonani amayi a Mvano ndi bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Mkazi wa bwana ndi mayi wogulitsa tomato amafanana, ndipo palibe amene anganene kuti sanatchene. Fikani nthawi yabwino. Kulowa mochedwa dala, gogoda ikulira pasimenti ana ali pakati pa sewero la kubadwa kwa Yesu, n'kulanda maso a mpingo pa chimene unabwerera. Foni ikhale chete m'thumba.

Kumudzi mukakhala pamphasa, mukagwada popereka moni, mukawerama pamoto. Mtsikana wa m'tauni amene amavala thalauza masiku onse sataya kanthu akamanga chitenje pamwamba pake polowa pakhomo la agogo kapena la apongozi. Kunyanja nako, kaya ndi ku Senga Bay, ku Cape Maclear, ku Chintheche kapena ku Nkhata Bay, zovala zosambira malo ake ndi pamchenga ndi m'madzi. Kumeneko ndi kwawo kwa anthu, amachapa, amatunga madzi, amakoka makoka. Mukamalowa m'mudzi kapena mumsika kukagula nsomba, valani shati kapena mangani chitenje.

Apa ndifuna ndimveke bwino, pakuti nkhani ya zovala za amayi ili ndi mbiri yowawa m'dziko muno. Mu 1973 kunakhazikitsidwa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linagwira ntchito mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Mu Januwale 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya m'mizinda yathu chifukwa chovala mathalauza, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Malangizo amene ndikupereka pano ndi oti munthu asankhe yekha mwa kufuna kwake. Sakupatsa mwamuna aliyense chilolezo chokuwiza, kutukwana kapena kugwira mayi chifukwa cha chimene wavala. Kuvula munthu pagulu ndi mlandu, ndipo wochita zimenezo ndi amene alibe mwambo. Mukaona mtsikana akukuwizidwa padepoti, inu amayi muli pafupi mupatseni chitenje, inu abambo letsani anyamatawo.

Tikambe za inu amene mukuchokera kutali. Kuyambira masiku a Wenela, pamene agogo athu ankabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi suti, chipewa ndi njinga, wobwera kuchokera kunja wakhala akuyang'anidwa ndi mudzi wonse. Lero mabasi ochokera ku Johannesburg akulowa pa Mwanza ndi pa Dedza atadzaza katundu, ena akutsika ndege kuchokera ku London, ena akungochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre konkuno. Takulandirani kwanu. Valani bwino, makolo anu anyadire. Koma kumbukirani kuti mukufika mwezi umene mabanja ena akudya kamodzi patsiku. Kusintha zovala katatu tsiku limodzi, kuwerenga ndalama pagulu, kutchula mtengo wa nsapato zanu osafunsidwa, zonsezi zimabaya mtima wa mnzanu amene munaphunzira naye pulayimale. Yankhulani ndi agogo m'chiyankhulo chimene anakulererani nacho, ndipo ana anu obadwira kunja muwaphunzitse ngakhale moni ndi zikomo asanatsike basi.

Pofika pakhomo, odi ndiye woyamba. Vulani chipewa, chotsani magalasi akuda ndi zomvera nyimbo m'makutu. Mukapatsidwa mpando kapena mphasa khalani, mulandire moni wa aliyense mosathamanga, mufunse za amalume, azakhali ndi odwala. Ngati pamudzipo panagwa maliro inu kulibe, yambani mwapita kukapepesa musanayambe chisangalalo chilichonse. Mphatso yabwino ndi imene igwire ntchito inu mutapita: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira, chitenje cha amayi ndi cha apongozi, kapena thandizo la feteleza. Iperekeni ndi manja awiri kwa mayi wa pakhomo, m'nyumba, osati pabwalo anthu akuonerera. Ndipo musakondere mbali imodzi. Kuchimuna ndi kuchikazi konse kuli makolo.

Inu makolo ndi abale olandira, nanunso muli ndi gawo. Alipo ana ambiri amene sabwera kumudzi pa Khirisimasi chifukwa choopa funso loti "watitengera chiyani?" Kutauni ndi ku Joni moyo ndi wovuta, ena ntchito inatha, ena akungogwira maganyu. Mwana akafika ndi kathumba kamodzi ka shuga, kalandireni ndi manja awiri ngati mmene mukanalandirira thumba la mpunga. Musamuyerekeze ndi mwana wa kwa anansi amene wabwera pagalimoto. Wabwera wamoyo, ndipo chimenecho n'chachikulu.

Ngati mukukacheza kwa anzanu m'tauni, imbani foni kaye, ndipo munene kuti mubwera angati. Mpunga wa Kilombero ndi nkhuku ya lokolo zimene akonzazo anaziwerengera pa anthu amene akuwadziwa. Kuitanidwa awiri n'kufika asanu ndi atatu n'kugoneka ana a mwini nyumba ndi njala. Mukadya, mwacheza, tsanzikani kudakali kowala. Mlendo ndi mame, akuluakulu anatero.

Pa chakudya, tiyambe ndi kusamba m'manja. Mwambo wathu woti wamkulu ayambe kusamba ndi wabwino ndipo upitirire. Chimene chiyenera kusintha ndi beseni limodzi loviikamo manja anthu khumi. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unafika poipa kwambiri nthawi ngati ino ya mvula, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Choncho mwana agwade ndi jagi, athirire madzi m'manja mwa aliyense, sopo ali pambali, beseni lingolandira madzi akuda. Ulemu ulipo, ukhondo uliponso. Chakudya chidyedwe chikadali chotentha, chotsala chivundikiridwe, mango atsukidwe.

Pogawa, tengani chimene mungamalize, ndipo muyang'ane amene ali kumbuyo kwanu. Mlendo wolemekezeka akapatsidwa nthutumba alandire ndi kuthokoza, koma akuluakulu tisamalize minofu yonse ana n'kutsala ndi msuzi ndi mapazi a nkhuku. Mukapatsidwa thobwa, landirani ndi manja awiri. Ngati simudya chakudya china chifukwa cha matenda kapena chipembedzo, nenani mwaulemu chisanapakulidwe. Foni ichoke pamphasa. Munthu wayenda ulendo wa tsiku lathunthu kudzaona mayi ake, n'kutha maola atatu maso ali pa WhatsApp, ameneyo sanafike. Zithunzi jambulani, koma pemphani kaye. Agogo ali m'nsanza zakumunda, mlamu ali ndi nthongo ya nsima kukamwa, mwana wa eni ali maliseche pabwalo, zimenezi si zoika pa intaneti. Apatseni mpata asambe, avale, akhale bwino, kuti nawonso akaoneke mmene akufunira.

Abambo ndi anyamata, taganizirani za amayi. Asoketsa diresi lokongola, alivala maola awiri kutchalitchi, pobwera alivula n'kulowa kukhitchini mu utsi mpaka dzuwa kulowa, inu muli pansi pa mtengo. Kuwaza nkhuni, kutunga madzi, kupha ndi kusosola nkhuku, kutsuka mbale, zonsezi manja aamuna amatha. Thandizani kuti nawonso akhale pansi atatchena, adye chakudya chikadali chotentha. Ndipo amene waphika athokozedwe pomutchula, pamaso pa onse.

Pali chinthu china chimene chimachitika m'makomo ambiri mwakachetechete. Pakhomo pali ana anu obereka, palinso mwana wa malemu achimwene anu amene mukumulera. M'mawa wa Khirisimasi anu avala zatsopano kuyambira kumutu mpaka kuphazi, iye waima pakona ndi malaya a chaka chatha osafika pamchombo, akuwathandiza kumanga zingwe za nsapato. Sadzanena kanthu, koma adzakumbukira mpaka ukalamba. Ngati ndalama ndi yochepa, igaweni mofanana, aliyense apeze kanthu kamodzi. Chimodzimodzi wantchito wa pakhomo ndi mlonda. Alandire malipiro awo tsikulo lisanafike, ndipo ngati n'kotheka apatsidwe mpata wokaona ana awo. Posankha za ana, funani zoti athe kuthamanga nazo ndi kudya nazo mango popanda kukalipiridwa. Akamapita kukayenda ndi anzawo kukapempha Khirisimasi bokosi, pakhale wamkulu wowayang'anira, adziwe makomo oyenera kufikako, ndipo abwerere kusanade. Misewu imakhala yodzaza tsiku limeneli.

Tisaiwale anansi amene sachita nawo chikondwererochi, monga abale athu Achisilamu ndi a Mboni za Yehova. Mabanja ambiri kuno kwathu ali ndi chizolowezi chabwino choitana Msilamu kuti adzazinge mbuzi kapena nkhuku, n'cholinga choti aliyense adye momasuka. Chipitirire chimenecho. Amene wakana kubwera chifukwa cha chikhulupiriro chake musamukakamize kapena kumunyoza. Ndipo mbale imodzi ipite kwa gogo amene amakhala yekha, kwa mayi wamasiye, kwa mnansi amene akudwazika. Ngati pafupi nanu pali maliro kapena wodwala, tsitsani nyimbo.

Chomaliza ndi mowa. Tonse tinamuonapo bambo amene m'mawa anatuluka atavala suti yosita bwino, madzulo n'kumutola m'ngalande, taye ili kumsana, nsapato imodzi yasowa, ana ake akuonerera. Ndalama zonse zimene anawononga kwa telala zathera pamenepo, ndipo mawu amene watukwana alamu ake adzakambidwa mpaka Khirisimasi ya chaka chamawa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ngati mumamwa, dziwani polekezera. Mwamwa, musagwire chiwongolero, musakwere njinga yamoto, musalowe m'nyanja. Okwera nanunso muli ndi ufulu wotsika mukaona kuti dalaivala waledzera. Ana asatumidwe kukagula mowa, ndipo asalawitsidwe.

Omvera, nthawi yathu yatha. Pempho langa ndi ili: chapani ndi kusita chimene muli nacho, gulani chimene thumba lanu lingathe, valani moganizira kumene mukupita, ndipo musanatuluke pakhomo muonetsetse kuti mwana aliyense wa m'nyumba mwanu wasamba, wavala ndipo wadya. Patsani moni akuluakulu, thokozani ophika, yendani mosamala pamsewu, kuti Januwale adzatipeze tonse tili moyo, opanda ngongole ndiponso ogwirizana ndi abale athu. Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi Chaka Chatsopano chamtendere.